Kodi alangizi a ku yunivesite anaphunzira chiyani, nanga thandizo lawo limasiyaniranji?

Mayi wa ku Chilenje:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa za uphungu. Ndikulera mwana wa malemu akulu anga, mnyamata wa zaka 21 amene ali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina muno mu Lusaka. Chiikireni amayi ake m'manda chaka chatha, mwanayu sali monga kale. Akabwera Loweruka amadzitsekera m'chipinda, nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, ndipo usiku ndimamumva akuyendayenda mpaka tambala woyamba. Mayeso atamuvuta, mphunzitsi wake wina anamulangiza kuti apite ku ofesi ya uphungu ya pasukulupo, ndipo wapitako kawiri.

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti akuti mayi amene anakumana nawo sanamuuze chochita. Iwo ankangomvetsera, n'kumabwereza mawu ake, ndi kumufunsa mmene akumvera mumtima. Koma mwana wa mnzanga wa ku tchalitchi, amene anapita ku ofesi yotere pa koleji ina, anapatsidwa pepala loti azilembapo maganizo ake tsiku lililonse. Kodi anthu amenewa anaphunzira chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani wina akupereka ntchito pamene wina akungomvetsera? Ndikuopanso kuti angamutumize ku chipatala cha odwala maganizo cha Chainama, kapena kuti nkhani yake ingafike kwa aphunzitsi ake.

Mlangizi wa pa koleji:

Mayi, pepani ndi maliro, ndipo mwachita bwino kufunsa. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, choncho ndiyambe ndi anthuwo, chifukwa mawu akuti mlangizi amaphimba anthu a maphunziro osiyana kwambiri. Ena anaphunzira psychology, kutanthauza mmene munthu amaganizira ndi mmene amachitira zinthu, ndipo pakati pawo alipo amene anapitiriza mpaka digiri yachiwiri kuti azitha kuyeza ndi kuthandiza matenda a maganizo. Ena anaphunzira social work, ndipo maso awo amathamangira ku moyo womuzungulira wophunzirayo, monga fizi, malo ogona, chakudya ndi za kumudzi. Ena anali aphunzitsi amene anawonjezera maphunziro a uphungu. Palinso ambiri a msinkhu wanga amene tinalowera pakhomo la edzi, pakuti uphungu monga ntchito unakula muno mu Zambia nthawi ya mliriwo, pamene mabungwe monga Kara Counselling, limene linayamba mu 1989 muno mu Lusaka, ankaphunzitsa anthu kukhala pansi ndi munthu asanayezetse magazi ndiponso atalandira zotsatira. Onsewa sapereka mankhwala. Opereka mankhwala ndi a kuchipatala, monga dokotala wa matenda a maganizo amene amatchedwa psychiatrist.

Tsono zimene mwana wanu anakumana nazo zili ndi mwini wake. Katswiri wina wa ku America, Carl Rogers, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kuti munthu wovutika amayamba kupeza njira yake akamvetseredwa ndi wina amene sakumuweruza, amene akuyesa kuona zinthu ndi maso a wovutikayo, ndiponso amene sakudzibisa kuseri kwa udindo. Kubwereza mawu kuja si kusowa chonena ayi. Mnyamata akati, "Ndinalephera kupita kuchipatala tsiku lomaliza chifukwa cha mayeso," mlangizi n'kuyankha kuti, "Ukuona ngati unawasiya okha," nthawi zambiri m'pamene misozi imene yakhala miyezi isanatuluke imayamba kugwa. Kwa wamasiye, ine ndimayambira pomwepo, chifukwa chisoni si chinthu choti munthu achikonze ngati mpopi wodontha.

Pepala lija likuchokera ku njira ina, imene imadziwika ndi zilembo zakuti CBT, ndipo dzina lalikulu pa njirayi ndi Aaron Beck, dokotala amene ankagwira ntchito mumzinda wa Philadelphia ku America m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti odwala ake ovutika maganizo anali ndi timaganizo tobwera mwadzidzidzi, monga kuti "ndine wolephera" kapena "palibe chidzandiyendere," ndipo ankatikhulupirira osatifufuza. Mlangizi wa njira imeneyi amathandiza munthu kugwira ganizolo, kuliyeza ngati lili ndi umboni, ndi kuyambanso pang'onopang'ono zinthu zimene anasiya. Imathandiza kwambiri pa nkhawa ya mayeso ndi kusowa tulo, ndipo imakhala ya milungu yowerengeka. Kunena zoona, ambiri a ife timasakaniza njirazi malinga ndi munthu amene wakhala patsogolo pathu, komanso malinga ndi mzere wa ophunzira amene akudikira panja. Mwana wanu ali ndi ufulu wofunsa mayiwo mwaulemu kuti anaphunzira chiyani, akutsata njira iti, ndipo akuganiza kuti adzakumana kangati. Mlangizi woona sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Womaliza maphunziro wa ku Kaunda Square:

Amayi, ine ndinadutsamo ndili m'chaka chachitatu, ndipo ndikufuna kuwonjezera mawu pa zimene alangizi afotokoza, ngakhale kuti pena ndisiyana nawo pang'ono. Bambo woyamba amene ndinakumana nawo anali omvetsera chonchi, ndipo ine zinandivuta, chifukwa kwathu ku Katete mwana akapita kwa wamkulu ndi vuto amayembekezera kubwerako ndi mawu. Ndikamaliza kulankhula iwo n'kukhala chete, ndinkaganiza kuti ndalakwitsa penapake, moti ndinkangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Nditapita katatu ndinalimba mtima n'kuwauza kuti ndikufuna chinthu chogwira m'manja. Sanakwiye konse, anandipereka kwa mnzawo wa m'chipinda choyandikana.

Mayi achiwiriwo anatenga pepala n'kulemba mizere iwiri yotsika, kuti pakhale zigawo zitatu. M'chigawo choyamba ndinkalemba chimene chachitika, m'chachiwiri ganizo limene landibwerera, m'chachitatu umboni wotsutsa ganizolo. Ndikukumbukira usiku wina ndili pa bedi la pamwamba ku boarding house, magetsi atazima, ndikulemba ndi tochi ya foni kuti ndalephera mayeso amodzi, kuti ganizo langa ndi lakuti ndawononga ndalama za ng'ombe imene bambo anagulitsa, ndipo pa umboni ndinakhala nthawi yaitali ndisanalembe kuti maphunziro ena anayi ndinakhoza. Zikuoneka zazing'ono, koma usiku umenewo ndinagona.

Komabe sindikunena kuti njira ya pepala ndiyo yabwino kwa mwana wanu, pakuti ine sindinaferedwe, langa linali mantha. Mnzanga amene anataya bambo ake anakhala ndi bambo omvetsera aja chaka chathunthu ndipo amawatchula mpaka lero. Chimene ndikupempha n'chakuti asasiye mwakachetechete monga amachitira anyamata ambiri. Akaona kuti sakugwirizana nawo, anene.

Namwino wa odwala maganizo:

Mayi, ndiyankhe za mantha anu awiri aja. Chipatala cha Chainama Hills, chimene chinatsegulidwa mu 1962, n'chimene anthu ambiri muno amachiganizira akangomva za maganizo, ndipo dzina lake lasanduka chotonzera m'misewu, zimene zimandipweteka monga munthu wa ntchitoyi. Kupita kwa mlangizi wa pasukulu si njira ya ku wodi. Ophunzira ambiri amathandizidwa ndi kucheza kokha. Mlangizi amatumiza munthu kuchipatala akaona zizindikiro zoposa mphamvu zake, monga kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhala masiku osagona koma osatopa, kuledzera kosaletseka, kapena kulankhula zodzipha, ndipo ngakhale pamenepo ambiri amaonedwa ndi dokotala, kulandira mankhwala ngati akufunika, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti mu 2019 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la thanzi la maganizo, m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda limene linkatchula odwala ndi mayina onyoza, ndipo lamulo latsopanoli limatsindika ulemu ndi ufulu wa wodwala.

Za chinsinsi, mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti zokambidwa m'chipinda zimatsala momwemo, ndipo sizipita kwa aphunzitsi, ngakhale kwa inu amayi ake, popanda chilolezo cha mwanayo. Chinsinsi chimamasulidwa pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi. Mlangizi amayenera kufotokoza malire amenewa pa tsiku loyamba, ndipo ngati sanatero, mwanayo afunse.

Inunso muli ndi gawo. Kusadya ndi kusagona kumene mwafotokoza kwatenga nthawi yaitali, choncho mumufunse molunjika ndi mofatsa ngati anaganizapo zodzichotsera moyo. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, koma kumamutsegulira khomo. Akavomera, musadikire tsiku lokaonana ndi mlangizi, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Bambo opuma pa ntchito ya uphunzitsi:

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzira, koma ndili ndi nkhawa imodzi. Mayina amene atchulidwa ndi a ku America, kumene munthu amaonedwa ngati mtengo woima paokha, pamene mwana wathu ali ndi amalume, azakhali ndi mpingo, ndipo chisoni chake chili ndi miyambo yake. Mlangizi amene safunsa ngati mnyamatayu anapita kukaona manda, kapena ngati akulu a banja anakhala naye pansi maliro atatha, wasiya theka la nkhani. Chinenero nachonso n'chachikulu, chifukwa ana athu amaphunzira m'Chingerezi koma amalira m'chinenero cha amayi awo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti njira zimenezi zayamba kuvala zovala zathu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki ndi anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, kumene ife tingati kuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Muno mu Lusaka momwe, akatswiri a yunivesite ya Johns Hopkins ya ku America ndi anzawo a kuno anaphunzitsa anthu wamba a m'makomboni njira ya uphungu yotchedwa CETA kuti athandize mabanja a nkhanza ndi mowa, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti nkhanza ndi kumwa zinachepa. Choncho pa mafunso amene mwanayo akafunse, awonjezerepo lakuti kodi angalankhule m'Chinyanja, ndiponso ngati mlangiziyo angalole kuti tsiku lina inu mukakhalepo.

Mlangizi wa pa koleji:

Bambo, mwanena zoona, ndipo ndikuvomera kuti ena a ife tinaphunzitsidwa kuyang'ana munthu mmodzi kwambiri kuposa banja lake. Ndingochenjeza kuti banja lilowe mwanayo akafuna yekha, chifukwa ndaonapo ophunzira amene mtolo wawo waukulu unali ziyembekezo za abale omwewo.

Mayi wa ku Chilenje:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinamuitana kuti andithandize kusadzula chibwabwa pakhonde, ndipo manja ali pa ntchito ndinamufunsa funso lija a namwino ananena. Anayankha kuti zodzipha sanaganizepo, koma kuti amadziimba mlandu chifukwa foni yomaliza ya amayi ake sanaiyankhe, anali m'kalasi. Nkhani imeneyi anali asanauzepo munthu wina kupatula mayi a ku ofesi aja, pa ulendo wachiwiri. Lachinayi akupitanso, ndipo mafunso atatu walemba kuseri kwa kope lake. Za kumanda ndalankhula ndi amalume ake ku Chipata, ndipo tagwirizana kuti tipite naye sukulu ikatsekera.