Zikomo, za nyenyezi za kaboni zija zamveka

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija lakuti nyenyezi yakale, yaing'ono, yosowa ayironi, imamutenga kuti kaboni wochuluka chotere. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndifufuze mnzake wa nyenyeziyo, ndiye kuti nyenyezi ina imene imazungulirana nayo. Zoonadi! Mnzakeyo anali wamkulu, anakalamba msanga, n'kupanga kaboni kuchokera ku heliyamu, kenako anamwaza mpweya wake pa yaing'onoyo. Lero mnzakeyo watsala ngati white dwarf, kachotsalira kakang'ono ka nyenyezi yotha mphamvu, sawala kwenikweni. Katswiri wa zakuthambo Robert McClure anasonyeza mu 1984 kuti nyenyezi za CH, zimenenso ndi zakale, zosowa ayironi ndi za kaboni wochuluka, zimayenda ziwiriziwiri.

Ndafotokoza izi m'kalasi ku yunivesite ya Zambia (UNZA) kuno ku Lusaka, aphunzitsi avomereza. Inu amene mukufufuzabe, yang'anani m'nyenyeziyo bariyamu, chitsulo chimene mnzake wamkulu uja amapanganso akakalamba. Akachuluka, kaboniyo ndi wochokera kwa mnzake. Akasowa, ganizirani kuti kaboniyo anachokera ku supernova, kuphulika kwa nyenyezi zoyambirira.