Thandizeni maganizo: mwana wa zaka 14 pa shopu ya ukalipentala

Moni nonse abale ndi alongo a kuno ku Harare. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo.

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 14, ali Fomu 2 ku Mufakose. Bambo ake anamupereka kwa mnzawo amene amakhoma mabedi ndi masofa ku Glen View Area 8, ati aphunzire ntchito yamanja asamangozungulira mu lokeshoni. Poyamba ankapita Loweruka lokha, ine ndinaona kuti nzabwino ndithu, poti nanenso macheka ndi mpala ndinazigwira ndili wamng'ono. Koma pano akujomba kusukulu, amabwerako mdima utagwa, akutsokomola ndi fumbi la matabwa, ndipo ayamba kumugwiritsa macheka amagetsi. Malipiro palibe, amangomupatsa nsima ndi ya kombi.

Monga malume ndinakhala pansi ndi alamu anga, iwo akuti ndikufuna kulera mlesi. Mwini shopu akuti iyenso anakula choncho. Akuluakulu a kumpingo anangoti tipirire. Aphunzitsi ake okha ndi amene akudandaula.

Lamulo la ntchito kuno ku Zimbabwe sililola kulemba mwana wosakwana zaka 16, ngakhale wophunzira ntchito, ndipo ntchito yoopsa ndi ya oyambira zaka 18. Komatu sindikufuna kumangitsa munthu, ndi pachibale apa.

Ndiye ndifunse: alipo amene anakambirana ndi mmisiri kuti mwana azibwera pa holide pokha, osakhudza makina? Munapangana bwanji? Nanga ndikapita ku Social Welfare, amayamba ndi kuyanjanitsa banja kapena nkhani imapita kupolisi?