Buffet ya zakudya za m'nyanja kwa munthu wosadya gluten: ndidye ziti, ndisiye ziti?

Nasibeko:
Moni nonse. Ndili ndi matenda a coeliac, oti matumbo amawonongeka ndi gluten (puloteni ya mu tirigu, balere ndi rye), choncho chilichonse chokhala ndi mbewu zimenezi sindidya. Ndaitanidwa ku lesitilanti ya zakudya za m'nyanja, ya buffet ija aliyense amadzitapira yekha. Ndikudziwa kuti nsomba, nkhanu ndi ma prawns pazokha zilibe gluten. Koma pa tebulo pamene anthu ambirimbiri akutapa, ndi ziti zimene ndingadye mtima uli m'malo? Nanga ophika ndikawafunse chiyani?

Chisale:
A Nasibeko, mwanena zoona kuti nsombayo payokha ilibe vuto. Vuto limabwera ndi zimene ophika amaikako, ndipo zambiri sizioneka ndi maso.

Zokutidwa ndi ufa kapena nyenyeswa za buledi, monga calamari, tempura ndi fish and chips, mukuzidziwa kale. Zimene zimapusitsa anthu ndi zina. Nsomba yokazinga m'chiwaya ndi batala nthawi zambiri amayamba aivivinyiza mu ufa wa tirigu kuti isamatirire komanso ifiire bwino, ndipo ikapsa ufawo suonekanso. Supu wokhuthala, monga clam chowder kapena bisque, kawirikawiri amamukhuthalitsa ndi ufa wokazinga mu batala. N'chimodzimodzi msuzi woyera umene amathira pa nsomba yophika mu uvuni. Crab cakes amazimanga ndi nyenyeswa za buledi, ndipo ma mussels kapena ma oyster owotcha okhala ndi kachikhungu kofiirira pamwamba, kachikhunguko ndi buledi.

Chenjerani kwambiri ndi nkhanu yabodza, yotchedwa surimi. Ndi timitengo toyera mkati, tofiira kunja, topangidwa ndi nsomba yopera, makamaka pollock, ndipo opanga ambiri amathiramo sitachi ya tirigu. Pa buffet amaikonda chifukwa ndi yotchipa, ndiye muipeza mu saladi wa mayonesi ndi mu California roll. Nkhanu yeniyeni imanyenyeka ulusiulusi wosafanana. Surimi imasendeka mizere yowongoka yofanana. Mukakayika, siyani.

Zimene mungayambire kuganizira: miyendo ya nkhanu yophika ndi nthunzi, ma prawns owiritsa osasenda, lobster, mpunga woyera, mbatata yowotcha ndi khungu lake, mandimu ndi zipatso.

NaMbewe:
Mndandanda wa a Chisale ndi wabwino, koma pa buffet chakudya chikhoza kutuluka m'khitchini chili bwinobwino n'kudzaipitsidwa pa tebulo pomwepo. Kwa munthu wa coeliac apa ndi pamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi muyezo. Chakudya chimatchedwa chopanda gluten ngati sichipitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Ndiwo malire a Codex, miyezo ya zakudya ya padziko lonse, ndipo ku Ulaya ndi ku America amagwiritsa ntchito nambala yomweyi. Kafukufuku wa ku Italy wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti mamiligalamu 50 tsiku lililonse kwa masiku 90 anali okwanira kuwononga matumbo a odwala coeliac. Mamiligalamu 50 amenewa amapezeka mu ufa wa tirigu pafupifupi theka la galamu, wosakwana n'komwe kota ya tiyisupuni.

Tsono taimani pambali mphindi zisanu muonerere. Wina atapa pasta, chipande chomwecho n'kuchibwezera mu mpunga. Wina anyamula calamari ndi chopanira n'kudutsa nayo pamwamba pa thireyi ya ma prawns, nyenyeswa zikuyoyoka. Mbale ya batala wosungunula imene ili pafupi ndi nkhanu, anthu amaviikamo buledi. Thireyi ikatsala pang'ono kutha, ogwira ntchito ena amangokhuthulira zotsalazo pamwamba pa yatsopano, zinyenyeswa zonse za maola awiri n'kulowa nawo.

Mafuta okazingira ndiwo oopsa kuposa zonse. Kutentha sikupha gluten, chifukwa si kachilombo, ndi puloteni. Tchipisi chokazingidwa m'mafuta amene mwadutsa nsomba ya ufa musachikhudze, ngakhale mafutawo atentha madigiri 180. Chitsulo chowotchera nsomba nachonso ena amatenthetsapo mabanzi, ndipo masamba ena amawiritsidwa m'madzi amene aphikira pasta.

Musadalirenso kuti mimba idzakuuzani. Ena a coeliac samva kupweteka kulikonse pamene matumbo akuwonongeka.

Gondwe:
A Chisale, ndiwonjezereko pa ma prawns owiritsa aja. Malo ena amawiritsa ma prawns, nkhanu kapena ma mussels mu mowa wa balere, ndipo mowawo ukauma gluten amatsalira. Ena amathira timakyubu ta msuzi, timene tina tili ndi tirigu. Choncho funso lisangokhala lakuti "kodi ndi zowiritsa?" koma "mwawiritsa m'chiyani?" Vinyo alibe vuto.

Ku tebulo ya sushi samalani. Soy sauce wamba amapangidwa ndi soya pamodzi ndi tirigu, ndipo amabisala mu teriyaki, mu msuzi wotsekemera wopaka pa eel, mu saladi wa ndere za m'nyanja, ngakhalenso m'timazira ta nsomba tofiira timene amawaza pa ma roll. Tamari, amene ndi mtundu wina wa soy sauce, nthawi zambiri alibe tirigu, koma werengani botolo chifukwa si onse. Sashimi, nsomba yaiwisi yongodula, ndi yabwino ngati mpeni ndi thabwa n'zotsuka.

Msuzi wofiira woviikamo ma prawns ozizira nthawi zambiri umakhala ndi Worcestershire sauce. Wa Lea & Perrins wogulitsidwa ku Britain uli ndi viniga wa chimera cha balere, pamene wa ku America amagwiritsa ntchito viniga woyera. Dzina limodzi, zam'kati zosiyana. Ndipo viniga wofiirira uja wothira pa fish and chips ndi wa balere. Finyirani ndimu basi. Komanso couscous ndi orzo zimaoneka ngati mpunga mu saladi, koma zonse ndi tirigu.

Nasibeko:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kunena kwake ndisapite?

NaMbewe:
Pitani mayi, koma mbale yanu isachokere pa tebulo ya anthu onse. Imbani foni tsiku limodzi kapena awiri nthawi isanakwane, cha m'ma 3 koloko masana khitchini ikapepukidwa, mupemphe kulankhula ndi manejala kapena wophika wamkulu. Nenani momveka kuti ndi matenda, si kusankha zakudya. Afunseni ngati angakukonzereni mbale m'khitchini momwemo: nsomba yophika m'chiwaya chotsuka kapena yokulunga mu foyilo, yothira mchere, mafuta ndi ndimu zokha, nkhanu yotengedwa mumphika isanapite pa tebulo, batala wanuwanu m'kambale. Funsaninso ngati ali ndi chokazingira chapadera chimene simulowa za ufa.

Mvetserani mmene akuyankhira. Amene akuti "dikirani ndikaone paketi" akudziwa chimene akuchita. Amene akungoti "zonse zili bwino" kapena akufunsa ngati mpunga uli ndi gluten, musamudalire. M'maiko a European Union ndi ku Britain, kuyambira December 2014 malesitilanti amakakamizidwa ndi lamulo kukuuzani ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zimene anthu ena sayanjana nazo, ndipo mbewu za gluten zili m'gululo. Komabe lamuloli likunena za zimene anathira pophika, osati za chipande chimene mlendo wasinthanitsa.

Akakana kukukonzerani mbale, fikani pamene akungotsegula, mathireyi asanakhudzidwe. Tengani za m'chigoba zimene musenda nokha, zochokera m'thireyi yotalikirana ndi zokazinga ndi buledi, ndipo pemphani chopanira chotsuka. Sambani m'manja musanayambe kusenda, chifukwa zogwirira za zipande zagwidwa ndi anthu amene anyema buledi. Idyaniko kanthu musananyamuke kuti njala isakukakamizeni kutenga chokayikitsa.

Gondwe:
Ku tebulo ya zotsekemera tengani chipatso chosasenda m'malo mwa zodulidwa kale, chifukwa nthawi zambiri zimayalidwa moyandikana ndi makeke. Ayisikilimu funsani ngati angakutapireni m'bokosi latsopano ndi supuni yotsuka, popeza ya pa tebulo imagunda ma cone komanso imalowa mu ayisikilimu wa mabisiketi.