Anandipatsa pepala pa Beitbridge, kodi ndikwere basi yobwerera ku Joni?

Wobisa dzina:
Moni nonse a m'gulu muno. Chonde a admin musaonetse dzina langa chifukwa abale a amuna anga ali momuno. Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi mbali ya Bangula, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Ndinabwera mu Disembala chifukwa mayi anga anadwala kwambiri, panopa ayamba kudya okha, Mulungu ndi wabwino. Koma zomwe ndapeza kuno zandiliza. Chigwereni nyumba yathu ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 ndakhala ndikutumiza ndalama pa Mukuru kwa alamu anga kuti azigula malata ndi simenti. Ndapeza malata 6 okha, awiri afolera khola la mbuzi zawo. Ndikafunsa akuti ndalama inathera pa maliro. Ine kumene kuja ndimagona m'kachipinda kakuseri, Juni akafika kuzizira kumalowa m'mafupa, munthu wobadwira kotentha ngati ine ndimagona ndi masokosi awiriawiri. Apongozi nawonso akuti ndabwera ndi matama chifukwa sindinawapatse bulangete. Tsono potuluka pa Beitbridge, chipata cha m'malire a South Africa ndi Zimbabwe, anandipatsa pepala n'kulemba zina m'pasipoti, sindinalabadire poti mtima unali kwa mayi ndipo basi inkatidikira. Abwana anga andiimbira kuti ndikapanda kufika mwezi uno alemba wina. Ndagulitsa kale mbuzi ziwiri kuti ndipeze ya tikiti. Ndikwere kapena akandibweza?

Bambo wa thonje ku Ngabu:
Mayi, ndikuuzeni zoona ngakhale zikuwaweni. Mukufuna chiyani kwa eni ake? Ana atatu mwasiyira ndani? Ine ndakalamba pa Ngabu pano, sindinapondeko Joni, koma ndili ndi ng'ombe, ndimalima thonje ndi mapira, madzi akaphwa ndimatsikira kudimba. Mbuzi ziwiri zimenezo zikanaswa. Mwagulitsa chuma kuti mukachape zovala za anthu ena. Khalani pansi!

Mtsikana wa pa Nchalo:
Asisi, pepalalo lalembedwa chiyani? Munakhalako masiku angati chilowereni? Popanda zimenezi palibe amene angakuyankheni molondola.

Achimwene a ku Tengani:
Za alamu zija zandikhudza. Ine ndinatumiza ndalama zaka zitatu ndili ku Durban, mng'ono wanga weniweni ankanditumizira zithunzi za nyumba ya munthu wina. Nditafika ndinapeza njerwa zosawotcha zasungunuka ndi mvula. Mu 2015 anthu atayamba kuthamangitsa alendo ndinathawa ndi chikwama chimodzi, n'kudzapeza kuno kulibe kanthu. Musamatumize kwa m'bale, lipirani kwa wogulitsa malata mwachindunji.

Bambo wa thonje ku Ngabu:
Mwamva? Ndi zomwe ndikunenazi. Kumeneko akukuthamangitsani, kuno akukuberani. Ndalama ya ku Joni ilibe madalitso.

Mnyamata wa ku Turffontein:
Bambo, ndi ulemu wonse, thonje lanu mwagulitsa zingati chaka chino? Namondwe wa Ana atakokolola minda mu 2022, Freddy n'kubweranso chaka chotsatira, ndani anadyetsa makolo athu kuchigwa kuno? Ndife amene mukutinyozafe. Munthu sasiya ana ake chifukwa chokonda, ndi njala.

Bambo wa thonje ku Ngabu:
Iwe mwana, ine ndinayamba kulima usanabadwe. Madzi osefukira sanayambe ndi Freddy, mu 2015 anatimiza, mu 2019 anatimizanso, ife tili pompano. Inu mukabwera m'bokosi ndife timakumba manda.

Mayi wa ku Makhanga:
Abale, mawu ena ndi olemera. Mayiyu wafunsa za pepala.

Woyendetsa thiraki, Mwanza mpaka Musina:
Ndikufotokozereni mmene ndimaonera pa chipata paja. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30 polowa ku South Africa. Mukapitirira, kuyambira 2014 salipiritsanso chindapusa potuluka, amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikomo. Kupitirira masiku osaposa 30 ndi chaka chimodzi osalowa, kuposa pamenepo ndi zaka zisanu. Ndiye ngati pepala lanu ndi limenelo, mudutsa bwinobwino pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, koma pa Beitbridge kompyuta ikuonetsani ndipo mubwerera ndi mwendo womwewo. Tikiti sabweza.

Mlongo wa ku Marka:
Ine ndiye ndimadabwa, bwanji osangopita ku Beira kapena ku Tete? Ife Chisena timalankhula, tikaoloka sitikhala alendo kwenikweni. Joni muli kutali ndi kwanu, mayi akadwala ulendo wa masiku awiri kapena atatu.

Mnyamata wa ku Turffontein:
Asisi musadandaule, alipo matransipota amene amadutsitsa anthu chakumunsi kwa mlatho. Ndilembereni kumbali.

Achimwene a ku Tengani:
Ayi ayi, zimenezo musayerekeze. Limpopo nyengo ino ndi wodzaza, ng'ona zake n'chimodzimodzi za mu Shire, ndipo m'tchire muja muli maguma-guma amene amalanda ndi kuchita zoipa kwa azimayi. Mukalowa chotero moyo wanu wonse ndi wothawa, galimoto ya apolisi ikadutsa mtima phaa, akakugwirani ndi ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala, kukadikira kubwezedwa.

Bambo wa thonje ku Ngabu:
Onani tsopano! Wina akufuna kupereka mayi wa ana atatu kwa ng'ona. Ndiye mukuti ine ndikulakwa? A admin, anthu ngati awa muziwachotsa. Mayi, bwerani pa Ngabu tsiku la msika muone azimayi anzanu akugulitsa nsomba ndi mbatata, ana awo akupita kusukulu.

Mphunzitsi wa ku Chikwawa:
Ngati ndi chiletso, pali mwayi wopempha kuti achiunikenso. Mumalemba kalata ku Home Affairs ya ku South Africa, nthambi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, n'kuphatikiza pepalalo, masamba a pasipoti ndi umboni wa chimene chinakuchedwetsani. Zimatenga nthawi, ndiye auzeni abwana anu zoona lero. Pezani wodziwa Chingerezi akuwerengereni musanagule tikiti.

Wobisa dzina:
Takhuta nonse. Bambo a ku Ngabu, ana anga ali ndi mayi anga aang'ono ndipo fizi ndimalipira ndine, musandiweruze. Alamu aja amva kuti ndalemba muno, abwera m'mawa uno kudzalalata pakhomo, akuti andikasumira kwa amfumu. Kodi ma meseji a Mukuru angakhale umboni pa bwalo?

Mtsikana wa pa Nchalo:
Angakhale umboni, musawafufute. Koma asisi, pepala lija. Lalembedwa chaka chimodzi kapena zisanu? Jambulani, bisani dzina, mutitumizire.

Bambo wa thonje ku Ngabu:
Kwa amfumu pitani ndi mboni ziwiri, ndipo malata awiri a pakhola aja akawazule abweze.