Mipini ija tsopano ikuoneka ngati mtengo weniweni

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa za kapentedwe ka mipini ya fosholo ndi nkhwangwa pa kachifanizo kanga kapulasitiki ka kasinja wankhondo wa ku Germany wotchedwa Panzer IV, ka sikelo ya 1/35 (kocheperako maulendo 35 poyerekeza ndi kasinja weniweni), popeza penti yofiirira imene ndinapaka poyamba inkangooneka ngati pulasitiki.

Ndinatsata malangizo oti ndiyambe ndi penti yotuwira ya akiriliki, Tamiya XF-57 Buff, n'kuisiya tsiku lathunthu kuti iume. Kenako ndinafinyira penti ya mafuta yofiirira ya Burnt Sienna pakatoni kuti mafuta ochuluka alowe m'katonimo, ndinaipaka mopyapyala, ndipo ndinakoka burashi youma motsata utali wa mpini mpaka timizere ta mtengo tinaonekera. Apa m'pamene pagona luso lonse, chifukwa mukakoka kambirimbiri timizereto timafufutika. Kumutu kwa fosholo ndinapaka penti yakuda n'kukhecha pensulo m'mphepete, ndipo chitsulocho chikunyezimira bwino.

Ndinalakwitsa pogwira nkhwangwa tsiku lachiwiri, chala n'kudinda, moti ndinaibwereza; pentiyi inauma patatha masiku anayi. Amene mukupanga kasinja wa ku America wa Sherman, yambani mwaona zithunzi zakale, pakuti nthawi zambiri zida za pa akasinja a ku America zinkapentedwa mtundu wobiriwira wa Olive Drab ndi mipini yomwe.