Ndikupempha nzeru: tikufuna kukakhala miyezi isanu ku Mauritius ndi ana komanso amayi anga okalamba

Moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha makamaka inu amene munakhalapo nthawi yaitali pa chilumba cha Mauritius, osati kungokapumako masiku ochepa, kuti mundithandize maganizo.

Tilipo asanu ndi mmodzi: ine, amuna anga, ana athu azaka 11, 7 ndi 2, komanso amayi anga omwe ali ndi zaka 74. Ine ndi amuna anga timagwira ntchito pa intaneti, choncho tikufuna kupempha Premium Visa, imene boma la kumeneko linayamba kupereka mu 2020 ndipo imalola munthu kukhala mpaka chaka chimodzi, malinga ngati ndalama zake zikuchokera kunja kwa dzikolo ndipo ali ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Miyezi isanu tinaisankha dala, chifukwa munthu akakwanitsa masiku 183 amayamba kuwerengedwa ngati wokhala m'dzikomo pa nkhani ya misonkho.

Za mapepala sizikundivuta kwenikweni. Chimene chandiimika mutu ndi thanzi la amayi, ndipo ndaona kuti china chilichonse pa ulendowu chiyenera kutsatira pamenepo. Amayi ali ndi matenda a shuga, amadzibaya insulin m'mawa ndi madzulo, ndipo timabotolo tawo timakhala pa chitseko cha firiji, pomwe salola munthu aliyense kukhudzapo. Akamakwera masitepe amaima kawiri, dzanja lili pa bondo, kuti apezeko mpweya. N'chifukwa chake ndakana zopita pakati pa Novembala ndi Epulo, nyengo ya anamondwe. Ndinaona zithunzi za namondwe Belal wa mu Januwale 2024, madzi akukokolola magalimoto m'misewu ya Port Louis, likulu la dzikolo, ndipo mtima wanga unathamangira ku firiji ija: magetsi atazima masiku awiri, mankhwalawo tingawasunge bwanji? Tagwirizana zonyamuka mu Meyi n'kubwerera mu Seputembala.

Koma nyengo imeneyonso ili ndi zake. Ndi nthawi imene mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imawomba mwamphamvu, motero magombe a kum'mawa ndi kum'mwera ndawachotsa pa maganizo anga. Amuna anga akufuna tikapeze nyumba kumtunda, cha ku Curepipe kapena Quatre Bornes, poti kumeneko kumadutsa sitima ya Metro Express yopita ku Port Louis, ndipo chipatala cha Victoria ku Candos chili pafupi. Mfundo yawo ndi yomveka, koma ku Curepipe kumagwa mvula kawirikawiri ndiponso kumazizira, pomwe mawondo a amayi sagwirizana ndi chinyezi. Ine mtima wanga uli ku Flic en Flac, kumadzulo, komwe n'kouma ndipo madzi a m'mphepete mwa gombe ndi odekha chifukwa cha matanthwe a korali amene amatchinga mafunde. Kumeneko ana angasambe ine ndili ndi mtendere, amayi atakhala pamthunzi n'kumawaonerera, zomwe kunena zoona ndiye cholinga chenicheni cha ulendo wonsewu.

Za udzudzu nazonso ndaziganizira. Malungo anathetsedwa pa chilumbachi, koma dengue ilipo, ndipo udzudzu wake umaluma masana pamene neti sithandiza kwenikweni. Kodi inu a makanda mumawateteza motani? Pa za sukulu, chaka chawo chimayamba mu Januwale, ndiye ana akuluakuluwo ndikuganiza zowaphunzitsira kunyumba, pokhapokha wina atandiuza kuti anapezapo sukulu yolandira mwana pakati pa chaka.

Funso langa lalikulu ndi ili: kwa amene munakhalapo kumadzulo kwa chilumbachi ndi munthu wachikulire wodwala, kodi kuchoka ku Flic en Flac kukafika kuchipatala usiku kapena m'mawa magalimoto atachuluka kunakutengerani nthawi yotani, ndipo kodi inshuwalansi yanu inavomera kulipira matenda amene munthuyo anali nawo kale asananyamuke? Ndikufunanso kudziwa ngati insulin munkagula komweko ndi kalata ya dokotala wakwanu kapena munanyamula yokwanira miyezi yonse. Mwini nyumba yopanda masitepe imene tapeza ku Flic en Flac akudikira yankho lathu kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sindikufuna kulipira ndisanamve kwa inu.