Malikisi a Chardonnay: tiyeze khalidwe la mphesa kapena kukoma kwake?

Woyang'anira malo odyera, Mzuzu:
Akuluakulu anzanga pantchito, ndikupempha nzeru. Tikukonza menyu yatsopano ya zakumwa, ndipo tikufuna mtundu umodzi wokha wa Chardonnay, vinyo woyera wotchedwa ndi dzina la mphesa zake, woti tizigulitsa pagalasi. Wotibweretsera katundu anatipatsa mabotolo atatu a ku South Africa kuti tilawe, aliyense n'kupereka malikisi pa 20. Vinyo amene wapambana ndi wotsekemera pang'ono, wonunkhira chinanazi chakupsa, koma mkulu wathu wophika akukana kuti ameneyu sakumveka ngati Chardonnay, pamene wa ku dera la Elgin, wowawasa ngati mandimu, yemwe iwo akuti ndiye weniweni, wakhala kumapeto. Kodi malikisi aziyeza mmene vinyo akusonyezera mtundu wa mphesa zake, kapena mmene wolawa wasangalalira?

Mphunzitsi wa ntchito zosamalira alendo:
Mayi, ndikanakonda muwafunse kaye bambo ophikawo kuti Chardonnay weniweni ndi uti, chifukwa mphesa zimenezi zilibe fungo lamphamvu lakelake monga la mphesa za Sauvignon Blanc, ndipo zimatengera kwambiri nyengo ya kumene zalimidwa ndi dzanja la wopanga vinyo. Kwawo ndi ku Burgundy, m'dziko la France, komabe ngakhale kumeneko vinyo wa ku Chablis, dera lozizira la kumpoto, amakhala wowawasa, wa fungo la maapozi osapsa, pamene wa ku Meursault amakhala wolemera mkamwa. Vinyo akasungidwa m'migolo ya mtengo wa oak amatenga fungo la vanila. Wopanga akalolanso kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tisandutse asidi wakuthwa wa m'mphesa kukhala asidi wofewa ngati wa mumkaka, pamatuluka kafungo ka batala kaja. Kumadera otentha zipatso zake zimamveka ngati chinanazi kapena mango. Onsewa ndi Chardonnay, choncho ine ndimayeza vinyo ndi zimene botolo lake lalonjeza: ngati palembedwa unwooded, kutanthauza kuti sanasungidwe m'migolo ya oak, ndimayembekeza zipatso ndi kuwawasa koyera, osati vanila.

Wogulitsa zakumwa pa loji ina, Nkhata Bay:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine ndasiyana nawo pang'ono. Mlendo amene akulipira galasi safunsa za Burgundy, amangofuna chimene chingamutsikire bwino pakhosi, ndipo ngati antchito anu ambiri akonda wotsekemerayo, n'kutheka kuti alendonso amukonda. Funso langa ndi lina, achemwali: mabotolowo anachokera mufiriji iti? Ngati anali mommo mwa mowa wa Carlsberg, anazizira mopitirira muyeso, ndipo vinyo wozizira chotero amabisa fungo, n'kusiya kuwawasa kokha. Chardonnay wa m'migolo amafuna madigiri 10 mpaka 13, ndipo wopepuka amafuna kutsikirapo pang'ono.

Wolawa khofi, Mzuzu:
Pepani kulowerera nkhani ya vinyo, koma ifenso timakumana ndi zomwezi. Polawa khofi wa ku Misuku kapena ku Phoka, timayamba ndi kufufuza zilema, kenaka fungo, asidi ndi kulemera kwake mkamwa, ndipo wofika malikisi 80 pa 100 ndiye amawerengedwa kuti ndi wapadera. Zoti ineyo ndamukonda zimakhala ndi malo ake ochepa papepala. Mukasakaniza mafunso awiriwa m'nambala imodzi, simudzadziwa chimene nambalayo ikunena.

Mphunzitsi wa ntchito zosamalira alendo:
Achimwene a khofi anena mfundo yomwe ndimafuna kufikapo. Malikisi a pa 100 amene katswiri wolawa vinyo Robert Parker anatchukitsa ku America, ngakhalenso nyenyezi zofika 5 za buku loyeza vinyo la Platter's ku South Africa, cholinga chake n'kuyeza ubwino wa vinyo pakati pa anzake, ngakhale kuti kukonda kwa wolawa sikulephera kulowererapo. Inu ntchito yanu ndi ina, yosankhira alendo anu chakumwa choyenda ndi chakudya chanu. Ndiye gawani pepala pawiri. Mbali yoyamba ikhale ya inde kapena ayi: kodi vinyo alibe chilema, monga fungo la katoni yonyowa kapena kukoma kwa zipatso zophika kumene kumadza botolo likatenthedwa panjira yaitali yochokera ku Cape ku South Africa, ndipo kodi akukwaniritsa zolembedwa pabotolo? Wodutsa pamenepo yekha ndiye apatsidwe malikisi a kukoma, olawa asakuona botolo, chakudya chili patebulo.

Woyang'anira malo odyera, Mzuzu:
Zikomo nonse. Talawanso motsatira malangizowa, mabotolo titawakulunga ndi mapepala ndi kuwatulutsa mufiriji nthawi ikadalipo. Onse atatu adutsa mbali yoyamba, ngakhale bambo ophika akadali ndi mawu pa wotsekemera uja. Ndi chambo chowotcha chothira mandimu, wa ku Elgin wakwera kufika pamwamba, pamene wotsekemerayo wayenda bwino ndi nkhuku ya tsabola yokha. Popeza chambo ndicho chimatuluka kwambiri m'khitchini mwathu, wa ku Elgin ndiye tizigulitsa pagalasi, winayo tizigulitsa botolo lathunthu, ndipo pamenyu sitilembapo malikisi koma kakomedwe ka vinyo aliyense ndi chakudya choyenda naye.